Babatoni ikumira pa PA, ndikakweza sub ikubuula. Ndipange bwanji?

Mavuto wa Sound:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndinapeza ganyu ya sound pa loji ina ku Mulanje. Loweruka lililonse amaika jazz ya makolo kuyambira masana mpaka cha m'ma 9 usiku, panja pa kapinga, anthu amafika 200. Bandi yake ndi madala anayi a cha ku Thyolo: banjo yopanga okha, babatoni yaikulu yokhalira ija (bass ya waya umodzi womangika pa ng'oma yachikopa), ng'oma zachikopa zokhala ndi ka hi-hat ka zitsekerero za mabotolo, ndi chitoliro cha kwela. Onse anayi amaimbanso pakamwa. Zida zanga za PA (zokuzira mawu) ndi desk ya Yamaha MG16, masipika a top awiri a 15 inch, sub (sipika ya bass) imodzi ya 18 inch ya active, ma wedge (masipika odzimvera oimba) awiri, maiki za SM58 zinayi, za SM57 ziwiri, D112 (maiki ya bass) imodzi, ma DI (timabokosi tolumikizira chida ku desk) awiri a passive, ndi graphic EQ ya 31 band ya mbali ziwiri yomwe ili pa FOH, mzere wa masipika oyang'ana kwa anthu.

Vuto ndi babatoni. D112 ndikuiika kutsogolo kwa chikopa. Gain ikakhala pansi sikumveka n'komwe, kukungomveka kamtengo kaja tak tak pa waya. Ndikangokweza pang'ono, huuuuu, sub yayamba kubuula mpaka matambula kunjenjemera pa tebulo. Ndikadina HPF (batani lodula mawu apansi) kubuula kukutha koma bass yapitira limodzi. Piezo (ka pickup komata) ya gitala ndinaimata pa chikopa kudzera pa DI, ikumveka ngati mwana akugogoda chidebe. Madala akuti sakudzimva, ndikweze wedge. Mwini malo akuti alendo adandaula, ndiye Loweruka likubwerali akubweretsanso wa keyboard ndi wa sax a ku Blantyre kuti zikome. Wandiuza poyera kuti zikakanikanso aitana wina. Ndalama yogulira zida ndilibe, za desk ya digital ya X32 musandiuze chonde.

aMbewe:
Mwana wanga, zimitsa ma wedge onsewo. Maiki imodzi pakati, madala aizungulire, wa mawu ochepa asendere pafupi, wa ng'oma akhale kumbuyo. Basi. Nyimbo zimenezo zinakulira m'misika ndi pa mowa, anthu ake amadziwa kudzisakaniza okha. Kamvere matepi a Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, undiuze ngati pali chida chimene chikubisika. Anawapatsa monitor ndani? Inu ana a masiku ano mukangoona chida mukuti chilichonse chikhale ndi channel yake.

Mavuto wa Sound:
Madala ndakumvani, koma ndi panja, anthu 200, ena ali ku bala akukuwa za mpira. Maiki imodzi ifika kuti?

Nachisale:
Achimwene tayankhani izi kaye tisanayambe kulota. Sub ili pati, pa siteji kapena pansi? Siteji yake ndi ya chiyani? Babatoni ikulowa m'ma wedge? Ma 58 anayi aja HPF munadina onse? Ka comp (compressor) ka knob imodzi ka pa MG kali pati pa channel ya D112? Komanso ng'oma ya babatoniyo kumbuyo kwake n'kotseka kapena n'kotsekula?

Mavuto wa Sound:
Siteji ndi mapaleti, pamwamba anayala blockboard. Sub ili pa siteji pomwepo kumanzere, top ili pamwamba pake, ndimaopa mame pa kapinga. Wedge inde ikulowa, mwini wake ndi amene amapempha. HPF pa ma vocal ena ndinadina, ena sindikukumbuka. Comp ili cha pakati, ndimafuna ikweze manotsi ofooka aja. Kumbuyo kwa ng'oma n'kotsekula koma kumayang'ana chapansi.

Nachisale:
Ndiye mwadziyankha nokha. Sub ikugwedeza mapaleti, mapaleti akugwedeza ng'oma, chikopa chikupatsira D112, D112 ikubwezera ku sub. Apa ngakhale mutabwereka desk ya mamiliyoni ibuulabe.

Tsitsani sub pa siteji, ipite kutsogolo mita ziwiri kapena zitatu, muiike pa matabwa ake kapena pa tayala ngati nkhawa ndi mame. Isakhudzane ndi siteji paliponse. Pansi pa babatoni yalani kapeti yopinda kawiri. Zikanakhala za ine madalawo ndikanawatsitsa pa mapaletiwo n'kuwakhazika pa mkeka pa nthaka, koma eni maloji amakonda siteji chifukwa cha zithunzi.

Comp ibwerere pa zero. Ka knob kameneko kamakweza mawu ang'onoang'ono, ndipo feedback, kubuula kuja, imayambira komweko. Aux ya wedge, knob yotumiza mawu ku wedge, pa channel ya babatoni, zero. HPF ya MG ili pa 80 Hz, idineni pa channel iliyonse kupatula babatoni ndi ng'oma yaikulu. Ma 58 anayi otsekula akutola bass yomweyo kuchokera mbali zinayi, ndipo mukachulukitsa kawiri mamaiki otsekula mumataya 3 dB ya malo okwezera. Amene sakuimba pakamwa nyimbo imeneyo, fader pansi.

Sub musaipatse mix yonse. Itengereni pa aux imodzi ya post, mutumizeko babatoni ndi ng'oma yaikulu basi. FOH yendetsani mono pa mbali imodzi ya graphic, mbali inayo ilowe pa mzere wa sub. Ndikutero chifukwa mid sweep ya MG imayambira pa 250, siingafike kumene kuli vuto lanu, ndipo low yake ndi shelf ya pa 100, mukaidula yadula zonse. Pa graphic kwezani pang'onopang'ono mpaka iyambe kubuula, muyese 63, 80, 100, 125 imodziimodzi, mudule imene yachititsayo. Imodzi kapena ziwiri, osati kujambula chigwa chonse cha Shire pa ma slider.

D112 isendezeni pafupi. Mukadula mtunda ndi theka mwapindula 6 dB yaulere. Yesaninso kukamwa kwa ng'oma kumbuyo kuja, nthawi zambiri bass yeniyeni imatulukira kumeneko, kutsogolo kumachuluka kamtengo.

Za piezo, DI ya passive ndiyo ikuipha. Piezo imafuna input ya cha m'ma 1 megaohm. Pezani active DI, kapena mudutsitse kaye pa pedal ya Boss, ngakhale tuner ija ya TU-3, ili ndi buffer, kenako ilowe mu DI yanuyo. Ndipo pakati pa chikopa si malo ake. Iikeni pafupi ndi kamtengo kotsamira waya. Mukasakaniza piezo ndi maiki bass n'kuchepa m'malo mochuluka, ndi polarity. Konzani ka XLR kafupi kosinthanitsa pin 2 ndi 3, mukakulunge tepi yofiira kuti kasadzasokonekere m'bokosi la zingwe zinzake.

Che Amidu:
Ine ndine woimba babatoni, za ma Hz zanuzo ndi zanu. Koma a Mavuto, chimene mungachite chilichonse pa chida cha munthu, pemphani kaye mwini wake, ndipo akhale pomwepo akuona.

Zinandionekera ku nyanja chaka china. Tinafika masana, tinatsitsa katundu, anatiitana kukadya nsima. Pobwera ndikupeza mnyamata wa sound waboola thupi la ng'oma yanga ndi drill, akuti aikepo socket ya jack kuti chingwe chisamalendewere. Iye akumwetulira, akuti madala ndakukonzerani. Mtengo uja unang'aluka kuchoka pa bowo mpaka pa zikhomo za chikopa, usiku womwewo chikopa chinayamba kukhwefuka mbali imodzi. Anandipepesa ndi botolo la Fanta. Ng'oma imeneyo anandisemera malume anga amene anatisiya kale, ndikanakaigula kuti ina? Mpaka lero wa sound akayandikira chida changa ndimaimirira.

Ndiye super glue ayi. Tepi yakuda ija ya gaffer pa chikopa ayi, pochotsa imazula ubweya n'kusiya zomatamata, fumbi n'kumakakamira pamenepo. Ngati n'kumata, funsani madalawo phula, a ng'oma sasowa phula, kapena Prestik pang'ono, pa mtengo osati pa chikopa.

China chimene simukuchidziwa inu a m'tauni. Ino ndi July, ku Mulanje ndi nthawi ya chiperoni. Chikopa chimene mwachimva pa sound check 2 koloko si chimene chidzalire 7 koloko. Chinyontho chikalowa chimalefuka, mawu amatsika, waya nayenso amamvekera mwina. Slider imene mwadula masana ija usiku idzakhala ikudula mphepo, kubuula kwasamukira pena. Madalawo adzafuna kuwamba ng'oma pa break, auzeni a loji akonzeretu mbaula. Ndipo chilichonse mwamata pa chidacho chikhale chochotseka msanga. Ndinaonapo chingwe cha pickup chikusungunuka pa makala mwini wake ali ku bala.

Za kusadzimvazo. Munthu wakhalira babatoni, imamugwedeza m'mafupa, angalephere bwanji kuimva? Akamati sindikudzimva, nthawi zambiri akutanthauza kuti sakumva banjo. Mwawatalikitsa. Mumatiika wina uku wina uko kuti siteji idzaze, pamene ife tinazolowera kukhala mawondo kugundana, ndikuona dzanja la wa banjo, iye akuona phazi langa. Abwezereni pamodzi muone ngati adzapemphenso wedge.

aMbewe:
Mwamva? Mwini chida wanena yekha. Akhale pamodzi, wedge kunja, maiki imodzi. Zimene ndanena m'mawa muja. A Nachisale alemba buku lonse, ma aux, ma pin 2, ma megaohm, zonsezo n'zochiza matenda amene mwawaitana nokha. Ine ndinayamba kunyamula ma amplifier muli kusukulu ya mkaka, mabandi a banjo ndawakweza m'maholo ndi maiki imodzi ndi horn ziwiri, anthu n'kuvina mpaka fumbi.

Bambo a Tiyamike:
Musanathamangire ma EQ, a Mavuto, tsimikizani kuti ndi feedback yeniyeni. Madala akasiya kuimba, manja atachotsa pa zida, ma fader ali mmwamba, kulira kumakhalapobe? Ngati kuli mmmm wosasintha, wosakwera wosatsika, ameneyo ndi 50 Hz ya magetsi, nkhani ya earth. Piezo yopanda shield yabwino imatola zimenezo koopsa, makamaka waya wa babatoni uja ndi chitsulo chachitali.

Ndipo ndikupempheni, zikatero musathyole phini ya earth pa pulagi. Pali anyamata amachita zimenezo n'kumadzitama kuti hum yatha. Switch ya ground lift ili pa DI, gwiritsani imeneyo. Ine ndinaona ndi maso anga pa ukwati wina ku Luchenza, mayi wa kwaya atagwira stand ndi dzanja, milomo n'kukhudza maiki. Anaponyedwa chagada, mlomo unatupa, ukwati unaima kaye. Titatsegula extension tinapeza waya wa earth anaudula dala n'kuupinda. Pamenepo panali pa simenti youma. Inu muli pa kapinga wonyowa, madala ena amaimba osavala nsapato.

Funsaninso kuti magetsi akazima jenereta yawo imanyamula chiyani. Maloji ambiri amalumikiza zonse pa mzere umodzi, mafiliji, ma deep freezer, geyser, ndi inu a sound. Compressor ya filiji ikamadzuka, 230 ija imagwa, sub ya active imalowa protect kapena kuchita phokoso lothyola mtima. Tengani multimeter, muyeze pa socket yanu khitchini ikugwira ntchito, osati m'mawa kuli zii. Ndipo akamasintha kuchoka ku magetsi kupita ku jenereta, muzimitse sub ndi ma top kaye. Auzeni alonda asakhudze changeover musanakweze dzanja. Ma extension onse achoke pa udzu dzuwa likamalowa.

Mavuto wa Sound:
Si hum bambo, akasiya kuimba kumakhala bata. Imayamba akamenya noti inayake yapansi, kenako imadzikweza yokha mpaka nditsitse fader. Za jenereta ndikafunsa. Koma za keyboard ndi sax palibe wanenapo, ndipo ndi zimene zikundisowetsa tulo.

Kondwani Keys:
Aise, pamenepo ndiye pali maliro, ndipo si a sound. Madala amenewo sachuna ku 440 Hz, muyezo wa zida za ku sitolo. Wa banjo amachuna kutsata mmero wake kapena chitoliro, tsiku lina zikhala pakati pa G ndi G sharp, mawa pena. Keyboard ili ndi master tune, inde, ukhoza kuisuntha kuti ikumane nawo pa noti imodzi. Koma ma fret a banjo yopanga pamanja sali pamene pali a ku sitolo. Ugwirizana nawo pa chord ya 1, ukafika pa ya 4 mwasiyana, ndipo anthu adzayang'ana iweyo wa sound ngati ndiwe wachititsa.

Ndinaitanidwapo zoterezi, akuti tichite fusion. Ndinabwera ndi ma chord anga a ku tchalitchi, ma ninth, ma passing, pad ya strings pansi. Nyimbo yoyamba isanathe mkulu wa banjo anasiya kuimba, n'kunditembenukira, n'kunena pa maiki anthu onse akumva kuti mwana, tadikira timalize kaye. Ndinakhala manja pa miyendo mpaka break.

Ngati mwini malo waumirira, uza wa keyboard izi. Dzanja lamanzere aike m'thumba, bass ndi ya babatoni. Pad ayi. Transpose asadalire. Kwela imazungulira pa 1, 4, 1, 5 basi, kukoma kwake kuli m'kayendedwe, ndiye alowe ndi timanotsi tiwiri titatu ta organ kapena piano, apume. Amp yake asabweretse, adutse pa DI imodzi ija, iweyo ugwire volume. Akabwera ndi combo yake n'kuiika kumbuyo kwa madala, zonse zimene anena a Nachisale zapita m'madzi. Ndipo akumane Lachisanu ayeserere. Zokumanirana pa siteji zija zimatheka kwa anthu ochuna mofanana.

Malume Sax:
Wa sax ndani? Ngati ndi mwana wa brass band muuze aime patali, maiki asapatsidwe poyamba. Alto yokha panja imakwirira banjo popanda thandizo la aliyense. Komanso chitoliro ndiye mwini nyimbo pamenepo, sax ikangolowa m'malo mwake mwamulanda mkuluyo ntchito pamaso pa anthu. Azisinthana, wina akamaimba wina chete. Kuchuna angathe kukoka mouthpiece pang'ono, koma pali malire, akakoka kwambiri sax imayamba kusemphana yokha.

Pa chitoliro, 57 musaiike kumapeto kwake, mawu satulukira kumeneko. Amatulukira pa kabowo ka pafupi ndi mlomo. Koma a kwela enieni amachilowetsa mkamwa chopendekera, mutu atapendeketsanso, milomo n'kuphimbako kabowo kaja. N'chifukwa chake mawu ake amakhala onenepa, otsikirako, okhota. Ndiye maiki ibwere chammbali, kumene wapendekera, ndipo muike siponji, mphepo yotsika m'phiri madzulo si yocheza. Musamuuze kuti aimirire mowongoka kuti maiki imupeze, mwamuonongera kaimbidwe.

Amene simunaonepo, fufuzani zithunzi za Donald Kachamba ali mnyamata. Gerhard Kubik anawapeza iye ndi mkulu wake Daniel akuimba ku Blantyre mu 1967 n'kuwajambula. Muone mmene agwirira chitoliro. Kwela inachokera ku Joni m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Spokes Mashiyane, koma kwawo kuja itazilala, kwa Singano ku Chileka inapitirira. Daniel anamwalira 1987, Donald 2001. Otsala odziwa kugwira chitoliro motero ndi owerengeka, ndiye mkulu wanuyo musamubise kumbuyo kwa sax.

Gift wa ku Joni:
Madala aMbewe ulemu wanu, koma dziko linasuntha. Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe, 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, pano akuzungulira ma festival a ku Ulaya ndi babatoni yomweyo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay chimodzimodzi. Mukuganiza kuti pa masiteji amenewo amawaikira maiki imodzi pakati n'kuzimitsa monitor? Babatoni imatheka pa PA yaikulu, nkhani ndi kudziwa. Kuno ndimagwira ndi a double bass m'ma club, vuto lake ndi lomwelo, thupi lalikulu lotola bass. Timadalira pickup, maiki timangothira pang'ono ya kununkhiritsa. Mavuto tsata za asisi Nachisale.

aMbewe:
A Gift, Madalitso ndi anthu awiri okhala phewa ndi phewa, ndipo kumene akupitako kuli munthu wa monitor payekha, desk payokha, ma EQ pa mzere uliwonse. Mavuto ali ndi graphic imodzi ndi manja awiri. Mukumufanizira ndi Ulaya bwanji? Ine ndikunena za zida zimene ali nazo. Chimvu Jazz inamveka dziko lonse pa wailesi ya MBC, Namoko wamwalira 1995 koma mpaka lero mukaimva mawu aliwonse ali poyera. Chinsinsi chake chinali kukhala bwino kwa anthu, wamphamvu patali, wofooka pafupi. Mukawapatsa aliyense maiki yake mwawalanda ulamuliro, mix yapita kwa mnyamata amene nyimbozo sakuzidziwa. Maiki imodzi. Ndanena, ndidzanenanso.

Nachisale:
Bambo, pa zoti akhale moyandikana ndi zoti wedge ichepe tikugwirizana. Koma kujambula ndi kukweza n'zosiyana. Mu studio mulibe sipika yobwezera mawu mu maiki. Njira yanuyo imafuna condenser yabwino, ma top ali kutsogolo kwenikweni, ndi anthu okhala chete akumvetsera. 58 anaipangira kuti mlomo ukhale pa grille. Muiike mita imodzi kuchoka kwa anthu anayi, mukweza gain mpaka idzatole bala yonse ndi achule omwe, babatoni osamvekabe. Ndipo condenser mu chiperoni ili ndi mavuto akenso, chinyontho chikalowa imayamba kuthetheka.

A Mavuto, mukapeza active DI kumbukirani kuti phantom ya MG, magetsi a 48V opatsa DI mphamvu, ndi switch imodzi ya ma channel onse. Ma dynamic anu savulala ngati zingwe zili zabwino, koma chingwe chokonza pa msika chimene pin 1 ndi 3 analumikiza chichotseni. Ma fader pansi musanayatse 48.

Mavuto wa Sound:
Chabwino. Sub nditsitsa, comp zero, aux ndiyesa, ndiwakhazika pamodzi. Ndani ali ndi active DI kapena ka pedal ka Boss mu Blantyre muno andibwereke Lachisanu? Ndibweza Lamlungu m'mawa. Mwini malo wakana zoyeserera Lachisanu, akuti transport ya madala kawiri sangalipire.

Kondwani Keys:
TU-3 ndili nayo koma mmm. Yomaliza imene ndinabwereketsa pa gulu lino inapita ku crusade ya masiku atatu, inabwera patatha miyezi, knob palibe, mkati muli batire lotupa. Wobwereka uja ali pompano akuwerenga, sindimutchula. Ubwere nayo ID ndi chikole, adapter ubweretse yako ya 9V, centre negative, osati zija za decoder. Ndipo ngati zoyeserera zakanika, wa keyboard alowe nyimbo ziwiri zomaliza basi, anthu atakhuta kale. Mwini malo umuuze kuti ndi mmene amachitira akatswiri, amakonda mawu amenewo.

Che Amidu:
Transport kawiri sangalipire, koma wa keyboard ndi wa sax awapeza ndalama. Tafunsani mwakachetechete kuti madala anayiwo akulandira zingati, ndipo anyamata awiri a m'tauniwo zingati. Mudzapeza mmodzi wa m'tauni akuposa bandi yonse. Chonsecho pa poster alemba jazz ya makolo, chithunzi n'cha babatoni. Pa minibasi babatoni imalipira mpando wake, nthawi zina iwiri, kondakitala akaona kutalika kwake amangotchula mtengo umene wafuna. Ikakwera pa denga mvula yake, dzuwa lake, chingwe amamanga podutsa pa chikopa penipeni.

Chinanso a Mavuto, popeza waya uliwonse ukudutsa m'manja mwanu. Adzabwera mlendo ndi ka recorder, adzati bwana ndilumikizeko pa desk, ndi zokumbukira chabe. Musalole madala asanavomere, ndipo amve bwinobwino kuti zikupita kuti. Ife tinaimbapo pa malo ena, patapita nthawi mdzukulu wanga akundionetsa pa foni nyimbo yathu ili pa YouTube, dzina la bandi palibe, alemba za chikhalidwe cha ku Africa basi. Ambiri mwa madalawa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, sanalembetse n'komwe, nyimbo n'zawo zopeka okha, ena amaziyesa za makolo zopanda mwini. Mabandi oterewa anali ponseponse, Ndirande, Limbe, Bangwe, Chileka, m'ma estate a tiyi tsiku la malipiro. Pano ana akufuna laptop.

Bambo a Tiyamike:
Zoona Che Amidu. Ndipo a Mavuto ndalama yanu mutengeko theka musanakweze katundu m'galimoto. Munthu amene wayamba kale kunena zoti aitana wina, Lamlungu foni yake imakhala yozima. Multimeter musaiwale.

aMbewe:
Pedal, chikole, adapter, ID. Zonsezi kuti mumve waya umodzi. Mwana wanga Mavuto, ukafika kumeneko Loweruka, anthu asanabwere, yesa kaye zanga mphindi zisanu zokha. Zimitsa wedge, maiki imodzi pakati. Zikakanika udzandinene pompano.

Gift wa ku Joni:
Madala simutopa kkkk

Nachisale:
A Mavuto, Loweruka lija zinatha bwanji? Inali 80 kapena 100?

Kondwani Keys:
Pedal sanabwere kudzatenga. Foni ikungoitana.

Dalitso Lights:
Pepani kulowerera akuluakulu. Alipo akudziwa kumene ndingapeze diaphragm ya horn ya 1.75 inch, 8 ohm, mu Limbe kapena Blantyre? Yanga yapsa dzulo pa chinkhoswe, MC amakuwira mu maiki ataima kutsogolo kwa top. Ndili ndi ukwati Loweruka ku Zomba, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito bola coil ikhale yamoyo.